Mchere wa Monika

Tsiku limene anaika Yosiya, a Fyness sanadikire n'komwe kuti okumba manda atsirize kuundira dothi. Anamuloza mng'ono wawo Monika pamaso pa mudzi wonse n'kulumbira:

"Chinthu chimene wathira mchere ndi dzanja lakolo sichidzalowanso m'kamwa mwanga, kufikira tsiku limene adzandibweretse kunoko."

Yosiya anali mwana wawo wa zaka ziwiri. Anafa atatupa mapazi ndi masaya, ndipo ku Zemba panalibe amene anafunsa chimene chamupha, poti aliyense ankadziwa kale. Mwana akatupa chotero ndiye kuti wadulidwa: wina m'nyumbamo wayenda ndi mwamuna mobisa, wabwera thupi lili lotentha n'kudzathira mchere m'ndiwo. Amene ankaphika kwa a Fyness chaka chimenecho anali Monika, mtsikana wosakwatiwa, ndipo atamupanikiza masiku atatu anavomera.

Patapita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mlandu womwewo unamvekanso pakhonde la a Fyness, kungoti woimbidwa mlanduwo anali wina.

A Fyness anakalipa: "Ulula, make Comfort! Mankhwala ndatenga kale, ndi awa, koma sagwira mwini mlandu atatseka pakamwa. Wayenda ndi yani?"

Deborah, mkazi wa mwana wawo Petulo, anali atakhala pansi, kamtsikana kake kali pamiyendo. Comfort sanali kulira. Ankangoyang'ana nkhuku ndi maso a nkhalamba, mapazi akunyezimira ngati apakidwa mafuta.

"Amama, ndiulule chiyani? Chichokereni bambo ake Comfort, ine ulendo wanga ndi wa kuchitsime ndi kutchalitchi basi."

"Kuchitsime kulibe amuna? Petulo anawoloka malire mwezi wa Meyi kukafuna ganyu ku Mozambiki. Lero iwe mimba iyo, mwana watupa ngati chule. Ukufuna ndiwerenge ndi zala?"

"Werengani, amama. Anandisiya ndili kale ndi pakati. Iwonso akudziwa."

"Ndinena kamodzi. Likafika Loweruka usanaulule, umange mitolo yako ubwerere kwanu ku Mlolo. Mwanayu atsala. Ndinaika mmodzi ine, sindiikanso wina chifukwa cha chiwerewere cha munthu."

"Odi kuno! Kodi mukuweruza mlandu opanda ine?"

Anali Olipa, mwana wawo wamkazi, chikwama kumsana, fumbi la mu minibasi lili mbuu m'tsitsi. Anali m'chaka chachinayi pa yunivesite yaikulu ya boma ku Lusaka. Atasankhidwa, a Fyness anapha mbuzi, poganiza kuti m'banjamo mutuluka dokotala kapena loya. Kenaka zinamveka kuti mtsikanayo akuphunzira za kadyedwe ndi kasamalidwe ka banja, ndipo mudzi unaseka mpaka kugwira nthiti. Anaitcha digiri ya mthiko. Kuyambira pamenepo, amayi anzawo a Chigwirizano cha kumpingo akafunsa, a Fyness ankangoyankha kuti, "Za chipatala," n'kusintha nkhani.

Tsopano anali atabwera kwa milungu ingapo kudzalemba zimene ana a m'midzi akudya m'chaka cha chilalachi, kuti atsirizire maphunziro ake. Anagwada n'kupereka moni, koma moniwo anaudukiza ataona mwanayo. Anatula chikwama, anagwira phazi la Comfort, nalidinikiza ndi chala chachikulu. Atachotsa chalacho, padatsala dzenje, ngati pa dongo lonyowa.

"Mulamu, anasiya liti kuyamwa?"

"Miyezi itatu yapitayo. Nditangodziwa kuti ndaima, amama anati mkaka waipa."

"Akudya chiyani?"

"Phala."

"La ufa uti?"

"Woyera."

"Mumathiramo chiyani?"

"Kamchere. Shuga akapezeka."

"Nsinjiro?"

"Nsawa zinapsa m'munda, mulamu. Zochepa zimene tinakumba tinasinthanitsa ndi chimanga."

"Nanga mazira? Nkhuku izi siziikira?"

"Mazira kwa mwana?" a Fyness analowerera. "Ufuna agwe khunyu?"

Olipa anatembenuka ali chigwadire. "Amama, mwanayu sanadulidwe. Ndi njala iyi."

Akanawamenya mbama zikanakhala bwino. "Njala m'nyumba mwanga? Mwana wodya katatu pa tsiku? Taona mimbayo!"

"Mimba ikukhuta, koma thupi silikulandira kanthu. Ufa woyera uli ngati udzu wofolera. Mungamange nyumba ndi udzu wokha, popanda mitengo? Thupi likasowa zomangira, madzi amatayikira m'mapazi. N'zimene mukuonazi."

"Ndiye zaka zinayi ku Lusaka n'zimenezi? Kudzaphunzitsa mako kuphika phala? Iwe, mawu a akulu amakoma akagonera."

"Ena akagonera amasasa, amama. Ndipo ngati ndi mlandu wa chiwerewere, alongo anga a Petulo ali kutsidyako mwawafunsa?"

"Tseka pakamwa!"

"Nditseka tikafika ku kiliniki. Mulamu, berekani mwana."

A Fyness anaimirira n'kutambasula manja ngati akutchinga ng'ombe. "Mwana wodulidwa akabayidwa jakisoni amafa! Mukamupha, musadzandilirire pano."

"Akagona pano mpaka Loweruka lanulo, ndiye mudzalira nokha."

Olipa sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinawafoola. Njinga ya pakhomopo inali itapita ndi Petulo. A Fyness anangoona mwana wawo akudutsa pansi pa mtengo wa mango umene unali malire a kwawo ndi kwa Monika, n'kulowera kumene phazi lawo linali lisanapondeko zaka zonsezi.

Kuchoka pakhonde pawo kufika kwa Monika panali mapazi makumi anayi okha. Lachisanu lililonse awiriwo ankavala bulauzi yoyera ya Chigwirizano n'kukhala benchi limodzi. Pa mgonero wa Ambuye ankamwera chikho chimodzi. Koma pamaliro kapena paukwati, a Fyness ankayamba afunsa kuti wathira mchere ndani, ndipo amayi onse anazolowera kumulanda Monika mchere m'manja mwaulemu. Mwamuna wofunsira Monika sanabwere. Ndani akanafuna mkazi wodula ana? Anangokalamba ndi mbuzi zake ndi dimba lake la kudambo.

Monika anabwera akukankha njinga yekha, naima pa mango paja osadutsa.

"Tayala lakumbuyo limatha mpweya," anatero akuyang'ana Olipa yekha. "Pampu ndamangirira apo. Fulumirani."

Ku kiliniki sanawasunge. Tsiku lomwelo anawatumiza ku chipatala cha pa boma.

A Fyness anakhala okha masiku atatu. Ankasesa pabwalo posesedwa kale. Zemba wa masiku ano ali ndi sola pa madenga ndi foni m'thumba la aliyense, koma misuku ndi maula amene ana ankakhuta popita kubusa anathera m'matumba a makala, ndipo pamene panali nkhokwe za nsawa pali kantemba kogulitsa tokometsera pakamwa ta m'mapepala. Zabwino za makolo zinapita mosavuta, ngati madzi a pamchenga. Chimene chinakakamira ndi chala cholozera mkazi.

Tsiku lachinayi anamanga mankhwala aja pa nsonga ya chitenje n'kukwera minibasi. Ankati akapeza mpata akamumwetsa mwanayo anamwino asakuona.

Atalowa m'chipinda cha ana anaima pakhomo. Mabedi anali mizere iwiri, ndipo pafupifupi pa bedi lililonse panali Comfort: mapazi otupa, tsitsi lofiirira lopyapyala, maso a nkhalamba. Anamuzindikira mkazi wa mkulu wa mpingo wa ku Zingalume, nayenso atakhala pambali pa mwana wake wotupa. Pa bedi lapakona panali gogo wopanda mano, akumwetsa kamnyamata mkaka ndi kapu.

"Make ali kuti?" a Fyness anafunsa.

"Anamwalira pobereka," gogoyo anayankha. "Tili awiriwiri, ine ndi kameneka."

"Wophika ndani?"

"Ndine. Winanso ndani?"

A Fyness anayang'ana manja okwinyika a gogoyo nthawi yaitali. Kenaka anatuluka n'kukakhala pa mwala pansi pa mthethe. Olipa anawapeza pomwepo.

"Onsewa," anayamba a Fyness, "onsewa ndi phala?"

"Ndi phala lopanda kanthu, amama. Ndi chilala. Ndi kusiyitsa bere mwadzidzidzi."

"Koma mdulo ulipo. Ine ndinauona ndi maso angawa."

Olipa anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo n'kuyamba kuthyolathyola kamtengo.

"Ndikuuzeni chinthu chimene ndasunga zaka ziwiri. Tili m'chaka chachiwiri, tinali m'chipinda chachikulu chophunziriramo, anthu mazana atatu, ena atakhala pa masitepe. Aphunzitsi anaonetsa chithunzi pakhoma. Kamwana kotupa, tsitsi ngati ndevu za chimanga, khungu likusupuka m'miyendo ngati khoma lakale. Anzanga ankalemba. Ine cholembera chinagwa. Amama, anali Yosiya."

"Usamutchule."

"Ndinali ndi zaka zinayi, koma ndikukumbukira. Ndinkadinikiza phazi lake n'kumaseka dzenjelo, inu n'kundimenya. Tsiku limenelo ndinathawa m'kalasi, ndinakalira kuseri kwa laibulale mpaka mlonda anandifunsa ngati kwagwa maliro. Ndinati inde, koma akale. Ndinagwira foni kuti ndikuimbireni. Ndikanayamba bwanji?"

"Ndiye ukuti ndinamupha ndine."

"Ayi! Munadwala, mkaka unauma, chaka chinali cha njala. Munamupatsa chimene munali nacho. Panalibe wokuuzani kuti dzira limodzi pa tsiku ndi kadzanja ka nsinjiro zikanathandiza. Yosiya palibe anamupha. Koma pali wina amene tinamuika ali moyo."

A Fyness anakukuta mano. "Monika anavomera yekha. Ndi pakamwa pake."

"Munawafunsapo chifukwa chake anavomera?"

Madzulo ake, popita kukataya madzi otsukira mbale, a Fyness anamasula nsonga ya chitenje n'kukutumulira mankhwala aja m'dzenje la zinyalala.

Sanabwerere kumudzi. Anayala mphasa pamodzi ndi odikirira odwala ena. Kupepesa kwa pakamwa sikunatuluke, koma Deborah akati anyamule ndowa, iwo ankamulanda.

"Khala pansi iwe. Ufuna mdzukulu wanga winayo abadwire pa mpopi?"

Deborah ankangoyang'ana kumbali, akumwetulira pang'ono.

Kutupa kutayamba kuphwa, Comfort anatsala mafupa okhaokha, ndipo a Fyness anathamangira kwa namwino manja ali kumutu. Namwinoyo anaseka.

"Agogo, apa ndiye tikupambana. Aja anali madzi. Uyu ndiye mwana weniweni, tsopano timumange."

Tsiku lachisanu ndi chinayi, Olipa akusewera ndi kalamba kake koyezera mikono ya ana, kofiira, kachikasu ndi kobiriwira, Comfort anakalanda n'kukaika m'kamwa. Olipa atakakoka, mwanayo anaseka. Kunali kuseka kwakung'ono, kosasa ngati kwa kamwana ka mbuzi. A Fyness anafunda chitenje kumaso.

Anatuluka patatha milungu iwiri, atapatsidwa timapaketi ta chiponde cha kuchipatala. Kumudzi Olipa sanapume. M'mawa ankazungulira midzi ndi kalamba kake ndi kope, masana ankakhala pa mtondo ndi mulamu wake.

"Chipondechi chidzatha," ankatero. "Chimene sichiyenera kutha ndi mphika uwu. Mgaiwa, osati woyera. Manja atatu a ufa, dzanja limodzi la nsinjiro. Dzira muswere momwemo. Masamba a maungu ouma musinje, muwazemo. Inunso mulamu muzidya, muli awiri."

A Fyness ankamvetsera akusenda chinangwa, ngati sizikuwakhudza. Koma ankadziwa bwino kumene nsawazo zinkachokera. Dimba la Monika linali lokhalo limene chilala sichinalithe, ndipo mbuzi zake ziwiri zinali ndi ana. M'mawa uliwonse Olipa ankadutsa pa mango paja ndi kapu yopanda kanthu n'kubwera nayo yodzaza mkaka.

Lachisanu ku Chigwirizano mayi wina anafunsa moseka, "Amake Petulo, uja wa digiri ya mthiko akuti wachita zodabwitsa?"

"Mthiko womwewo," a Fyness anayankha mokweza kuti benchi lonse limve. "Akuphunzira za kadyedwe ndi kasamalidwe ka banja. Kale ndinkakunamizani kuti ndi za chipatala. Chipatala chimalandira amene mthiko wawalephera. Mdzukulu wanu uja tsitsi lafiira, mubwere naye kwathu Olipa asanapite."

Kumapeto kwa benchi, Monika anali ataweramira buku la nyimbo.

Tsiku lonyamuka Olipa, anamuperekeza mpaka pamsewu, iwo atasenza chikwama chake.

"Ukawauze aphunzitsi akowo," anatero, "kuti kuli mayi wina ku Zemba, sadziwa kulemba dzina lake, koma wathokoza. Unene bwinobwino m'Chingerezi."

"Ndikanena, amama."

"Ndipo iwe. Mbuzi ija ndinapha sinapite pachabe."

Olipa anaseka, kenaka anawagwira dzanja. "Pali chinthu chimodzi. Mawa kulibe Olipa wopita ndi kapu. Mulamu miyendo yayamba kulemera, ndipo ndawauza kuti asapite."

"Wawauza kuti asapite? Mapazi makumi anayi?"

"Eya. Mkaka suyenda wokha, amama."

"Mwana woipa iwe," anatero a Fyness. Minibasi inali itafika.

M'mawa mwake anasesa pabwalo kawiri. Anatsuka kapu yotsukidwa kale. Deborah anadziika pa ntchito yosankha nyemba, osadzutsa mutu. Dzuwa litafika pamwamba pa nkhokwe, Comfort anayamba kulira kulira kwa njala, kwamphamvu, kumene mwezi wapitawo analibe. A Fyness anamubereka, natenga kapu.

Monika anali kuseri kwa nyumba, akutakasa kamphika pa mafuwa. Anamva "odi" koma sanatembenuke msanga.

"Mwasochera, akulu?"

"Sindinasochere."

"Mkaka uli apo pa thandala. Ndinakama kale. Sindinathiremo kanthu, musaope."

A Fyness sanapite ku thandalako. Anakhala pansi, padothi penipeni, natsitsa mwana kumsana.

"Monika. Unavomereranji?"

Mthiko unaima.

"Lero ndiye mwafunsa?"

"Lero."

"Munati mankhwala sagwira ndisanaulule. Inu, amalume, asing'anga, nonse munatero. Masiku atatu mwana akubuula m'nyumbamo. Ndinati ngati chikufunika n'chakuti ine ndikhale hule kuti Yosiya adzuke, ndikhala. Ndinatchula dzina la mnyamata wina wogula thonje amene anali atapita kale kwawo. Ngakhale moni sindinamupatseko." Anayambanso kutakasa. "Ndinkamubereka ine mwana uja, akulu. Inu muli chigonere ndi malungo, ankagona pamsana panga. Atamwalira ndinati ndibweze mawu, koma madzi akatayika saoleka."

"Zaka zonsezi osanena?"

"Kunena kwa yani? Munkandilanda ndi mchere womwe m'manja."

A Fyness anakwawa ndi maondo, mayi wa imvi, mkulu wa mnzake, n'kugwira phazi la Monika ndi manja awiri.

"Ndinakulakwira, mwana wa amama."

"Dzukani, anthu angaone."

"Aone. Anaona pamanda paja."

Monika anayang'ana kudambo, akuphethira kawirikawiri. "Ukwati simungandibwezere. Ana amene ndikanabereka simungandibwezere. Musaganize kuti zatha lero."

"Sindikuganiza choncho."

"Chabwino. Chibale ndi fupa, amatero. Ine ndaliona likuuma, koma kuwola ayi." Anapukuta mphuno ndi chitenje. "Tachotsani manjawo, phala lingapserere. Mwana wanu uja anandiphunzitsa ine ndemwe, akuti manja atatu a mgaiwa, limodzi la nsinjiro. Ndinamufunsa kuti ku Lusaka amayeza ndi dzanja la yani, poti langali ndi lalikulu."

A Fyness anaseka misozi ili m'masaya. Comfort anali atakwawira pa miyendo ya Monika n'kumakoka chitenje chake, akuloza mphikawo.

"Taonani nkhwidzi zake," anatero Monika. "Watengera agogo ake."

Anaswera dzira m'phalamo natakasa. Kenaka anatambasula dzanja ku kachitini ka mchere, ndipo dzanjalo linaima m'malere, monga linazolowera kuima pamaliro ndi paukwati. Anayang'ana mkulu wake.

"Thirani ndinu."

"Thira," anatero a Fyness.

Monika anatapa ndi zala zitatu nawaza. Anapakulira m'kambale n'kuwapatsa, ndi supuni yake. A Fyness anamukhazika Comfort pamwendo. Anatapa phala, analiuzira, ndipo monga achitira aliyense wodyetsa mwana, anayamba alawa okha. Anatapanso kachiwiri, supuni yodzaza.

M'mawa umenewo a Fyness anadya phala limene Monika anathira mchere ndi dzanja lake.